Mphezi ndi Kapaipi ka Njinga

Tsiku limene anamuchotsa pulasitala, Mphezi anatenga gitala yake yamagetsi kuti aone ngati dzanja labwerera. Zala ziwiri za kumanzere zinakana kupinda. Chisipika chomwe chinamugwera potsitsa zida m'galimoto chinali chitaziumitsa.

Anthu anamutcha Mphezi chifukwa cha liwiro la zala zomwezo pa nyimbo zaphokoso za chamba cha roko. Koma gulu lake silinamudikire. Mwezi usanathe, linapeza wina.

Anayamba kumaswera kwa mlamu wake wokonza njinga, akumupatsira masipanala. Mlamuyo, munthu wokonda nthabwala, ankauza makasitomala kuti walemba ntchito mphezi yopanda mvula.

Tsiku lina mlamuyo anadula kapaipi ka handulo ya njinga, n'kukasalaza bwinobwino, n'kumuveka pa chimodzi mwa zala zoumazo.

"Alamu, chalachi chakana kupinda, si choncho? Chisiyeni chiziyenda chowongoka. Ndatopa ndi nkhope yanu ya tayala lophwayi."

Mphezi anaseka mpaka misozi. Atafika kunyumba anatsitsa gitala yakale yopanda magetsi yomwe inali pamwamba pa kabati, n'kutsetsereza kapaipiko pa nsambo. Zinamveka ngati mphaka wopondedwa mchira. Mkazi wake anamupempha mwaulemu kuti aziphunzirira kuseri kwa nyumba.

Anaphunzirira kuseriko miyezi isanu ndi iwiri, chala chikutupa, aneba akudandaula. Pang'onopang'ono gitala inayamba kulira ngati munthu. Anazama mu nyimbo za chamba chotchedwa blues, zoyenda modekha zija, ndipo iye amene sanatsegulepo pakamwa pa siteji anayamba kuimba za dzanja lake, za mkazi wake, za anzake omuthawa.

Akaimba kwa mlamu wake, makasitomala ankakhalabe njinga zitatha kale. Mmodzi wa iwo, mayi wa lesitilanti, anamuitana kuti akaimbe Loweruka masana. Panabwera anthu asanu ndi mmodzi. Sabata yachinayi, ena anaimirira pakhomo mipando itatha.

Lero Mphezi amaimba yekha m'maholo odzaza, ndipo watulutsa zimbale ziwiri. Mtolankhani wina atamufunsa ngati amalisowa phokoso lakale, anapukusa mutu akumwetulira.

"Kale anthu ankadumpha osandimva. Pano amakhala pansi n'kumvetsera."

Inu amene chinachake chakuthyokerani, musafulumire kunena kuti zanu zada. Yang'anani chomwe chatsala m'manja mwanu, muyambire pomwepo, ndipo mtima musautaye.