Nkhanga za pa khoma la amayi

"Usamakhulupirire munthu wokuuza kuti mawa." Anandichenjeza choncho amayi, manja ali mbuu ndi dothi loyera, akujambula nkhanga pa khoma la nyumba yathu ku Kasenengwa. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ndinangoseka.

Chaka chilichonse tikatha kukolola, akazi a m'mudzi ankakongoletsa makoma. Ena ankangolemba mizere ndi timaluwa. Amayi ayi. Ankatenga katondo wofiira, makala osinja ndi dothi loyera la kudambo, n'kumajambula ndi nthenga ya nkhuku. Chaka chimenecho anajambula nkhanga zisanu ndi ziwiri zili pa mzere, mawanga ake odontheza ndi chala, ndipo pambuyo pake mzimayi wosenza dengu, kamwana katagwira chitenje chake. Mzimayiyo analibe nkhope, koma khosi lalitalilo linali la amayi. Anthu opita kuchigayo ankatula matumba n'kuima.

Dzuwa litayamba kuswa mtengo, amayi anadwala masiku anayi okha. Anatsirizikira pa ngolo tikupita nawo kuchipatala. Titameta, malume ananena zimene aliyense ankadziwa kupatula ine: nyumba ya womwalira sikhala chiimire, igwetsedwa Loweruka. Chithunzi cha kamera cha amayi kunalibe. Khomalo ndilo linali zonse.

Lachitatu ndinathamangira kwa aphunzitsi. Iwowo anali atationetsapo buku la zithunzi za kunja, za akavalo ndi azimayi ovala nsalu zolemera. Anati zithunzizo zimasungidwa m'nyumba zikuluzikulu, alonda akuziyang'anira. Ine ndinkaona kuti akavalo aja ndi ouma ngati a mtengo, pomwe nkhanga za amayi zinkachita ngati zithawa ukatsokomola. Ndinagwada pa fumbi.

"Aphunzitsi, chonde, kalankhuleni ndi malume. Apo ayi mudzangokopera nkhanga za amayi pa pepala."

"Usalire mwanawe. Ndibwera mawa ndi makrayoni."

Lachinayi ndinakhala pa khonde mpaka mthunzi unachoka n'kubwereranso. Lachisanu ndinawaona akupalasa njinga kulowera ku Chipata, osacheuka n'komwe. Mpaka lero munthu wolankhula mofewa ndimamuyang'ana kumapazi, kuti ndione kumene akulowera.

Ndiye ndinatenga kakhasu ka amayi, ndinayamba kusema khoma mozungulira mzimayi uja ndi mwana wake. Ndinkaganiza kuti litseguka ngati chitseko. Sindinadziwe kuti m'kati muli mitengo ndi luzi zogwira dothilo. Fumbi linandilowa m'kamwa, lowawasa ngati phulusa, zikhadabo zikutuluka magazi. Nditakoka, mng'alu unadutsa pakhosi paja. Mzimayi yense anagumukira pamapazi anga. M'manja mwanga munangotsala kamwana ndi kansonga ka chitenje.

Mwamva? Amene anawaphwanya amayi anga si malume. Ndinawaphwanya ndine.

Malume anandipeza ndikutola zidutswa n'kumaziika m'lichero. Ndinadikira ndodo. Iwo anangoti, "Zisiye, mwana wa mlongo wanga." Loweruka anayambira kugwetsa khoma la kumbuyo, kenaka la m'mbali, la nkhanga n'kulisiya mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza, nkhwangwa anaipatsa munthu wina, iwo n'kulowera kumunda. Ine ndinkati amachita dala kuti ndivutike nthawi yaitali. Ndinadana nawo mpaka analowa m'manda. Sindinkadziwa kuti mwamuna wa imvi nayenso akhoza kulephera kukantha chimene chala cha mlongo wake chinadontheza.

Chidutswa chija ndinabisa pansi pa nkhokwe. Mvula yoyamba inachisandutsa phala.

Pano ndimakhala ku Chipata ndi adzukulu. Mafoni awo adzaza nkhope zawo zomwe. Ndikawapempha kuti andijambulire nkhanga pa pepala ine ndikuwafotokozera, amati, "Mawa, agogo." Ndayesa ndekha ndi khala kuseri kwa bafa, koma zimatuluka nkhuku. Choopsa n'chakuti sabata yatha ndinadzuka osakumbuka ngati nkhangazo zinkaloza kum'mawa kapena kumadzulo. Zikachoka m'mutu mwangamu, amayi afa kachiwiri, ndipo wowaika palibe.

Ngati mwa inu muli wina amene anatulapo thumba pa njira ya kuchigayo ija n'kuima, bwerani mudzandizonde, mudzandiuze kumene zinkaloza. Mukaodira ndiyamba ndasuzumira pa windo, musakhumudwe, ndi mmene ndilili. Koma mubwere lero.