Mayi wa Nsomba ndi Mchombo wa Atate Ako

Sendera kuno mdzukulu wanga, tseka kaye bukulo. Wati aphunzitsi akufuna kusiyana kwa helepa ndi asisitanti? Ine sukulu sindinaiponde, koma anthu awiri anandithandizapo sabata imodzi, ndipo sanafanane.

Tinachoka kwathu kum'mawa ufulu ukadali wanthete, agogo ako aamuna atapeza ntchito ku fakitale ya feteleza. Atate ako anabadwira kuno ku Kafue, kutali ndi amayi anga. Kwathu khanda likabadwa, azimayi aakulu amalondera mchombo, poti ukagwera pakati pa miyendo, amati mwanayo sadzabereka. Ine ndinalibe wamkulu aliyense. Tulo sindinkatiwona.

Ku kiliniki kunali mtsikana wa diresi loyera, ankamutcha asisitanti wa anesi. Anapukuta mchombo ndi sipiriti, nalemba pakhadi. Nditamuuza mantha anga anamwetulira.

"Ba mayi, udzagwa wokha. Mubwere Lachisanu."

Sanalakwe ayi. Mzere kumbuyo kwanga unali wautali.

Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala mayi wachitonga wogulitsa nsomba za mumtsinje. Sitinkacheza, ndipo ndiulule, ndinkamunena chifukwa cha fungo la nsomba zake. Masana amenewo anandimva ndikulira, analowa osaodira. Anang'amba kansalu pachitenge chake, namanga mwana pamimba.

"Iwe gona," anatero. "Maso ako afiira ngati nsomba yadzulo."

"Nanga kumsika, amayi?"

"Msika uli ndi miyendo? Ndikaupeza."

Masiku anayi sanapiteko. Ankandiphikira nshima, kusambitsa mwana, kusuzumira m'kansalu kaja. M'mawa wina anandigwedeza paphewa, natambasula dzanja. Mchombo unali utagwera m'kansalu! Tinaukwirira kuseri kwa nyumba, iye nadzalapo mango.

Ndiye kawauze aphunzitsi kuti wina anandithandiza pogwira ntchito yake, ndipo anaigwira bwino. Winayo anasiya yake. Maina a Chingeleziwo awagawire okha.

Mtsikana wa diresi loyera anadzakhala nesi wamkulu, jekeseni yako yoyamba anakubaya ndi iye. Mayi wa nsomba anakalamba nabwerera kwawo kutsidya kwa mtsinje. Pamaliro ake ndinakhala ndi ana ake, osati ndi alendo. M'nyumba ija muli eni ena, koma mango akandiona amandithyolera.

Atate ako? Anabereka ana asanu ndi mmodzi. Wachitatu ndi uyu wakhala apa ndi buku lake.