Chimbudzi cha a Nakiyi

"Iwe wasukulu, tandiuza. Akakulamula kuti chinthu chizikhala chaukhondo, iwe n'kumakachidetsa wekha, pamenepo wamvera lamulo?"

Anandifunsa choncho azakhali anga, a Nakiyi, nditangolemba mayeso omaliza. Dzinali analipata ine ndisanabadwe, chaka chomwe boma linalamula kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi.

Azakhali sankagwira ntchito mwa bolabola. Amuna awo atakumba dzenje ndi kumanga, iwo anazira pansi mpaka kuwala, makoma anapaka laimu, nasemetsa chivundikiro chokhala ndi chogwirira. Wazaumoyo atafika pa njinga yake anasuzumira, ananunkhiza, kenaka anavula chipewa.

"Mayi, muno munthu atha kudyeramo!"

Anawapatsa beseni ndi sopo anthu akuwomba m'manja. Kutacha azakhali anakagula loko, kiyi n'kumangirira m'khosi. Ana akayamba kuvinavina atagwira pamimba, ankawalozera kutchire, kumtunda kwa chitsime.

"Uko! Mukufuna abwana adzapeze ntchentche?"

"Nanga inenso, akazanga? Wokumba ndine!" ankadandaula amuna awo.

"Munakumba, mwathana nazo. Womanga tchalitchi sagonamo."

Wazaumoyo uja ankabwera ndi alendo kudzawaonetsa chitsanzo. Udzu wa m'kanjira kopita kuchimbudziko unkafika m'maondo, koma alendo ankangoupondaponda akuyamikira.

Dzinja lina mvula inakokolola zonse za kutchire n'kukazithira m'chitsime. Matenda a kolera analowa m'mudzi. Mwana wawo wamzime, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kanadzuka kakutsegula m'mimba. Azakhali anakaponya kumsana, liwiro la kuchipatala, koma chipatala chinali kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Anabwerera nako kali zii.

Pamaliro anthu anadzaza bwalo, ndipo alamu awo anawanong'oneza kuti alendo sangamalowe m'tchire dzuwa likuswa mtengo. Azakhali anavula kiyi n'kukatsegula loko. Tsiku limenelo ndi limene chimbudzi chija chinayamba ntchito.

Chinagwa kalekale, koma kiyi akadali m'khosi, ndipo m'beseni muja amasungiramo mbewu. Mpaka lero amati anachita zimene anauzidwa.

Funso lawo sindinaliyankhe. Zonse zimene ndinaloweza m'kalasi zinandithawa. Koma ndamva kuti kuchipatala akufuna achinyamata oyendera zaukhondo m'midzi, ndipo ndikalembetsa. Akanditenga, ine zosuzumira ndi kununkhiza ayi. Ndiziyamba ndayang'ana kanjira. Ndikapeza udzu, sopo ndibwerera naye.