Chingwe cha kavalo wa amuna anga

Amuna anga anakulira kumbuyo kwa ng'ombe kummawa kwa Zambia, ndipo zaka zonse zimene tinakhala kutsidya kwa nyanja, ku Woodbridge m'chigawo cha Virginia, fungo la khola silinawachoke mumtima. Anzawo akugula magalimoto onyezimira, iwo anakagula kavalo. Ndinatupa mwezi wathunthu. Nyumba yathu inalibe ndi bwalo lomwe, nanga kavalo wa chiyani? Anakamusungitsa pa famu ya mzungu wina wachikulire, kutali ndi tauni, ndipo Loweruka lililonse ankapita kukathandiza kukusa ng'ombe. Kutchalitchi amayi ankandiseka kuti ndapeza mkazi mnzanga wa miyendo inayi.

Analidi wamkazi, wofiirira, wamfupi koma wa chidali chachikulu. Anabadwira kumadzulo kwa dziko lino, ndipo bambo ake ndi mayi ake onse anali a ntchito ya ng'ombe. Make mbuu, mwana mbuu: ankapatula thole pakati pa gulu osauzidwa kawiri. Zina zonse anamuphunzitsa ndi amuna anga, monga kuwoloka mtsinje, kusendera pafupi ndi geti kuti wokwera atsegule ali pamsana, ndi kuima chilili chingwe chikangogwetsedwa pansi. Sindinawaonepo akumukwapula. Ankangoti chapansipansi, "Tiye, mayi," iye n'kunyamuka. Kufatsa kwake, mwana wathu wamkazi ali wamng'ono ankadutsa kunsi kwa mimba yake, ine mtima uli m'mwamba.

Amuna anga atamwalira, kavalo anangokhala. Ine kukwera sindidziwa, mwana anali atapita ku yunivesite. Ndinkamupititsira maapulo, iye n'kumayang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubweranso wina. Mwini famu anandiuza mosamala kuti kavalo wozolowera ntchito akakhala chabe amafooka, ndi bwino ndimupezere munthu. Ndinadziwa kuti akunena zoona, komabe ndinamukwiyira.

Mwana analengeza pa intaneti kuti kavalo tikumugulitsa. Ogula awiri oyamba ndinawafunsa ngati akudzafunsira mbeta: kwanu n'kuti, mumaweta chiyani, chikakulakwirani mumatani. Wina atanena kuti kavalo amafuna dzanja lolimba, ndinamulozera msewu. Wachitatu anali mayi wa ng'ombe zake wa kuseri kwa mapiri a Virginia. Asanafunse chilichonse anatambasula dzanja kuti kavalo alinunkhize. Kenako anakwera, napatula thole, natsika, nagwetsa chingwe. Kavalo anaima osasuntha. Ndinavomera.

Kwathu chiweto sachigulitsa ndi chingwe chake. Wogula amabwera ndi chake, chifukwa ukapereka chako akuti khola limatha. Ndinatuma mwana kuti awafotokozere mayiwo, ndipo tsiku lodzamutenga anabweradi ndi chingwe chatsopano chabuluu. Cha amuna anga, chimene analuka okha ndipo chinada ndi thukuta la m'manja mwawo, ndinachipinda n'kuika m'chikwama.

Kavalo anafika pakhomo pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, n'kukana kulowa. Uyu amene ankalowa yekha ngolo iliyonse anakhwimitsa miyendo, khungu likunjenjemera. Mayi aja anamunyengerera, anamuzungulitsa, osatheka. Mwini famu anati tikulunge lamba kumatako tikankhe. Apo ndiye ndinakana.

Ndinatulutsa chingwe chakale chija. Kavalo anachinunkhiza nthawi yaitali, napumira m'manja mwanga. Ndinachimanga mmene ndinkaonera amuna anga akumangira, ine amene ndinali ndisanamukokepo chiyambire.

"Tiye, mayi," ndinatero.

Tinalowa limodzi. Mkati muja ndinatsamira pakhosi pake n'kulira kulira kumene ndinakubisa pa maliro chifukwa cha mwana.

Nditatuluka, mayi aja anayamba kumasula chingwecho kuti andibwezere. Ndinawagwira dzanja n'kupukusa mutu. Ulendo unali wautali, khola lachilendo, anthu achilendo. Nanga akadafika wopanda kanthu kalikonse ka kwawo?

Mwana wanga, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi, tsiku limenelo anayesetsa. "Amami, si munati khola limatha?"

"Linatha kale, mwanawe," ndinamuyankha. "Mwini wake anapita. Musiye atenge."

Pobwerera tinakumana ndi mdipiti wa magalimoto pa msewu waukulu wa I-95, ndipo anayendetsa ndi mwana. Ine ndinangokhala, chikwama chopanda kanthu pamiyendo, manja ndili nawo pamphuno. Titafika kunyumba anandipatsa sopo, ndinamuuza kuti ndisamba pambuyo pake.