Atate Pansi pa Nkhokwe

Ndikamva fungo la lupsa, ndimakumbukira tsiku lija ku Zemba pamene nsungwi zinayamba kuphulika ndi moto kudambo. Atate, amene anabwerako ku nkhondo ya ku Burma mtima uli m'malere, anataya khasu n'kudziponya pansi pa nkhokwe, nkhuku zonse balala!

Amayi anathamangira kukatchinga ndi mphasa kuti anthu asaone. Koma mayi wina wa kumpingo, nayenso mkazi wa msilikali, anali atafika kale.

"Mukubisa chiyani, anzanga? Anuwa ali bwino, amalowa pansi. Anga amakwera mumtengo wa mango, kuti atsike mpaka tibwereke makwerero!"

Amayi anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kuleka. Mlendoyo anawalanda mphasa ija n'kuiyala. "Khalani apa, tiwadikira limodzi."

Anayamba kuswa nsawa. Patapita nthawi, pansi pa nkhokwe panatulukira dzanja la atate, likupempha.