Mwanabele wa Febby

Bernadette Njobvu wa ku Nyalugwe sukulu anailekela Fomu 2, chaka chimene anakwatiwa ndi Jethro. Mwamunayo sanakhalitse, anapita ku migodi ya ku Wankie n'kumusiya ali ndi pakati. Za m'kalasi zambili zinauluka, koma phunzilo limodzi linamukakamila. Tsiku lina sisitele wophunzitsa za thupi anabwela ndi khosi la mbuzi m'beseni, n'kuyamba kulisenda atsikana atagwila mphuno. Khungu, mafuta, mnofu, mitsempha, fupa. Anati zonsezo zinamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso: timaselo tofanana tikagwilana timapanga mnofu, minofu imapanga chiwalo, ziwalo n'kupanga nyama yamoyo. Kenaka anatokosola kanthu kotuwa ngati nyemba pansi pa chibwano.

"Aka ndi kasefa," anatelo sisitele. "Matenda akalowa m'thupi amayamba akodwa muno."

Chiyambile tsikulo, Bernadette sankagwila thupi mwachisawawa. Akamasambitsa mwana wake Febby, zala zake zinkayenda ngati zikufunsa mafunso. Ndi zala zomwezo zimene zinapeza mwanabele kuseli kwa khosi la mwanayo. Thupi linkatentha, kuzizila, kutenthanso. Pamwendo panali chilonda pomwe kashembe, ntchentche yoyamwa magazi, anamuluma kudimba. Ndiye Febby, mwana wosadziwa kukhala pansi, anayamba kugona dzuwa lili paliwombo, chinangwa chili m'manja. Kaodzela. Dzinalo Bernadette analisunga m'kamwa.

Ku Nyimba kunali a Vitalis Sakala, othandiza dokotala, amene anali ndi makina oonela tizilombo. Koma zinali zaka za Chitaganya, mantha ali ponseponse. Kunkamveka kuti amunyama akuyenda m'misewu kupopa anthu magazi kukapatsa Azungu. A Sakala akatulukila pa njinga ndi timagalasi tawo, mudzi wonse unkathawila m'mapila. Ndipo kwa Ansenga mwini mwana ndi malume. Amalume ake a Bernadette, a Whiteson, mlenje wodziwika, anali atalamula kale kuti magazi a mbumba yawo sapita pa galasi la Boma.

Bernadette anawapeza kuseli kwa khola akusenda mbuzi. Anagwada chapatali, Febby ali kumbuyo, mutu uli lende.

"Amalume, mwana sakudzuka bwino."

"Ndatuma kale munthu kukakumba mizu."

"Mizu akumwa kuyambila sabata yatha."

"Ndiye ufuna ukamupeleke kwa Sakala? Doris wa m'mudzi muno anapita naye mwana wake kumeneko. Anabwelako?"

"Anapita naye atauma kale khosi, amalume."

A Whiteson anapitiliza kusenda. Mpeni unatsika m'khosi mwa mbuzi, ndipo monga ankachitila nthawi zonse, anatokosola kanyemba kaja, kukang'amba pakati, kukayang'ana, n'kukaponyela galu.

"Mwakang'ambilanji?" anafunsa Bernadette.

"Iwe Bena, unapita kusukulu kukaiwala? Kakakhala ndi mafinya, nyama yonse sitidya."

"Gwilani apa."

Anatembenuka n'kuwayandikizila mwana. A Whiteson anapukuta dzanja pa kabudula, n'kuyendetsa chala kuseli kwa khosi la Febby. Chalacho chinaima. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Munthu si mbuzi," anatelo, koma motsitsa.

"Khungu ndi lomwelo, mnofu ndi womwewo. Inu mumang'amba ndi mpeni nyama itafa. A Sakala amayang'ana ndi singano mwana akali moyo."

Galu anamaliza kutafuna n'kukhala tchelu. A Whiteson anabaya mpeni pa chipika.

"Tipita tonse. Koma kagalasi ka magazi ake sikatsala m'manja mwa munthu. Kakatsala, mwana ndibwela naye, iwenso usadzanditchulenso malume."

Kutacha mailo lake anafika ku Nyimba dzuwa litakwela. Pakhonde la chipatala panalibe wodwala ndi mmodzi yemwe, koma tsidya la msewu anthu anali ataima m'magulu, kuonelela. A Sakala anaona mpeni m'chiuno mwa a Whiteson, n'kuwalowetsa onse m'chipinda.

"Muyambe ine, bambo," anatelo a Whiteson, atatambasula chala.

"Mlenje wolimbana ndi njati, musandikomokele pano," anatelo a Sakala. Anawabaya, kupaka kadontho pa galasi, n'kuwaitana kuti asuzumile m'makina.

"Ndikuona mikanda yokhayokha."

"Ndiwo magazi anu. Ali phee, eti? Tsopano a mdzukulu."

Singano italowa m'mwanabele, Febby anangolila pang'ono ngati kamwana ka mphaka. Kulila kofooka kumeneko kunamuopsa Bernadette kuposa singanoyo. A Sakala anayang'ana, nkhope n'kusintha, n'kusuntha kuti mayi aone. Bernadette anaona timaselo tija anangotimva m'kalasi, ndipo pakati pake tinthu topyapyala tikupilingita ngati timisundu m'chithaphwi. A Whiteson nawo anasuzumila, n'kubwelela m'mbuyo.

"Zamoyo izi," ananong'ona.

"Mankhwala ake ali ku Petauke," anatelo a Sakala. "Lole ikudutsa masana ano. Kagalasika kapite kwa dokotala, aone yekha, asachedwe n'kuyezanso."

Bernadette anayang'ana dzanja la amalume ake. Linali litatambasuka kale, kudikila kagalasi. Amalumewo akakalanda n'kutembenukila ku Nyalugwe, iye adzatani pamaso pa anthu onse aja? Anamanga Febby kumbuyo, n'kukoka mfundo ya chitenje mpaka inamupweteka pachifuwa. Mumtima anali atasankha kale lole.

A Sakala anakulunga kagalasi m'kansalu n'kukaika m'dzanjamo.

A Whiteson anakayang'ana, kenaka anakalowetsa m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Ndinati sikatsala m'manja mwa munthu," anatelo. "Dokotalayo akaonela m'manja mwanga. Lole imaima pati?"

Febby anakhala ku Petauke mpaka mvula yoyamba. Anabwelako wowonda ngati bango, koma akuyenda yekha. Mpaka lelo amayi a ku Nyalugwe, mwana akatentha thupi, amapita naye kwa Bernadette kuti amugwile kuseli kwa khosi. Iye samapeleka mankhwala. Amangoyendetsa zala, n'kunena ngati ndi za kudikila kapena za lole.