Basela m'makatoni a mpunga

Chaka chimene gulu lathu la amayi ku Chintheche linapeza wogula wamkulu, mlembi ndinali ine, poti wodziwa kompyuta ndinali ndekha. Tinkagula mpunga kwa alimi a ku Limphasa obwera nawo panjinga, n'kupeta, kusankha timiyala, n'kuthira m'mapaketi. Wogulayo inali sitolo yaikulu ya ku Lilongwe, ndipo kuitaya kunali kubwerera kogulitsa ndi mbale m'mbali mwa msewu.

Malamulo awo anali ouma gwa. Katoni iliyonse tinkaimata pepala la timizere takuda losonyeza kuti muli mapaketi makumi awiri. Lole isananyamuke ndinkatumiza mndandanda wa makatoni ku kompyuta yawo. Katundu akafika, makina ankawerenga pepalalo, kuyeza katoni pasikelo, n'kufananiza ndi zimene ndatumiza. Netiweki inkavuta, moti ndinkachita kukwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, laputopu ili m'manja.

Maulendo awiri zinayenda. Wachitatu ndinapita kumaliro kwathu ku Ntcheu nditasindikiza kale mapepala ndi kutumiza mndandanda. Kulongedza ndinasiyira wapampando wathu, mayi wachikulire, mkulu wa mpingo, amene sanabepo ngakhale njere imodzi ya munthu.

Patatha masiku anayi, ine nditabwerako kumaliro, lole inabwerera ndi makatoni onse. Uthenga unali wa mzere umodzi: katundu sakugwirizana ndi mndandanda, tachotsedwa pagulu la owagulitsa katundu. Mtima unandipsa. Ndinang'amba katoni pamaso pa onse n'kuwerenga. Makumi awiri ndi imodzi. Ina, chimodzimodzi.

"Ama, ichi n'chiyani?" ndinakalipa.

"Basela, mwana wangu," anatero mayiwo osatekeseka. "Munthu wagula katatu, iwe osamuikirako kapamwamba? Ise kuno sititero. Ndi yewo wathu ameneyo, kuthokoza kwathu."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira. Amayi onse anali atagwirizana, aliyense atatapa mpunga wa m'nyumba mwake kuti mapaketi owonjezerawo apezeke.

Ndinaimba foni sabata yathunthu. Mtsikana woyankha anali waulemu, koma anati iye sangatsegule chimene makina atseka, komanso malo athu apatsa kale ena. Ndinaleka kuimba chifukwa cha manyazi.

Lolemba lotsatira mayi aja anabwera ku ofesi atatchena ngati akupita kutchalitchi, n'kukhala pambali panga.

"Lemba kuti tapepesa. Uwauze kuti timangothokoza."

Tsikulo netiweki inagwira, ndipo ndinatsegula tsamba la sitoloyo limene ndinkatumizirapo mndandanda. Panali polemba nambala ya katoni, kulemera kwake ndi tsiku, basi. Ndinafufuza paliponse, iwo akuyang'anitsitsa zala zanga. Polemba mawu panalibe. Ndinagogodagogoda mabatani, kenako n'kuwauza kuti zapita.

"Yewo," anatero akudzuka. "Akayankha undiuze."

Mpaka lero tikakumana amandifunsa ngati ayankha, ndipo ine ndimati sanayankhe.